Mlendo wa Chipewa ndi Mipando ya Eni Ake

Lachinayi, 9 Okutobala

Nesi waimba m'mawa ndili mkati mosita malaya a anthu. Mwana wanga ameneyu, chipitireni kunja kukagwira ntchito ya m'chipatala, saimba m'mawa popanda nkhani. Ndinayamba ndazimitsa simbi, kuopa kuwotcha kolala ya eni ake.

Akuti amayi a mnyamata wakunja wofuna kumukwatira uja akubwera kuno Loweruka. Okha, ndi chikwama chawo. Akufuna aone kumene Nesi anakulira. Ndinati palibe vuto, mahotela ali mbwee m'tauni muno. Akuti ayi amayi, hotela akana, akufuna kudzagona kwathu.

Kwathu kuno.

"Amayi, mnyamatayu sagula ngakhale nsapato asanafunse amayi ake. Akakonda kumeneko, ukwati ulipo. Akapanda kukonda, kaya." Atatero anati koma musade nkhawa. Munthu wakuponyera njoka pamiyendo, kenako akuti usadzidzimuke.

Ndinaima pakati pa balaza n'kuyang'ana ngati mlendoyo ndine. Benchi. Mipando iwiri yapulasitiki, wina wosoka ndi waya. Mpando wa abambo ake Nesi. Tebulo lositirapo, lomwenso timadyerapo. Pawindo nsalu yanga yakale. Basi, katundu wathera pomwepo.

Abambo ake Nesi (ndizingolemba B., dzanja latopa kale ndi simbi) nditawauza anati, "Kodi mlendoyo akubwera ndi matako angati? Mpando umodzi umukwana." Anthu ena mitima yawo anaiumba ndi simenti.

Nesi amati nkhawa ndizizilemba, bipi imatsika. Ndalemba. Sinatsike.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndayenda mzere wonse wa nyumba zathu za lendi, khomo ndi khomo, ngati wogulitsa tomato.

Amake mapasa, a khomo loyandikana ndi lathu, andibwereka sofa yawo yofiirira ndi mipando yake iwiri. Akuti, "Tengani ndi tebulo lodyera lomwe, anzanga. Sofa ikakhala yokha imaoneka kuti ndi yobwereka." A telala andipatsa makatani, kapeti, wotchi yapakhoma ndi TV imene imangotulutsa mawu, zithunzi inasiya kalekale. Akuti ndingoiphimba ndi kansalu, anthu olemera saonera TV masana.

Filiji ndakapempha kwa alandilodi aakazi, a nyumba ya mpanda kumapeto kwa mzere. Ija yachiwiri, imene amasungiramo zakumwa pakhonde. Anandiimika padzuwa n'kundiuza mbiri yonse ya filijiyo kuyambira tsiku limene inabadwa. Pomaliza: "Ikangokandika, amake Nesi, tidzaonana." Ndinathokoza mpaka m'kamwa kuuma.

Benchi ndi mapulasitiki ndabisa kuseri kwa bafa. Wawo mpando B. akana kuusuntha. Tsopano m'balaza tikuyenda chammbali ngati nkhanu. B. agunda bondo patebulo n'kufunsa kuti kodi tasamukira kwa ndani.

Womasulira akhala alamu anga, mng'ono wa B., oyendetsa takisi aja. Chizungu anachiphunzira ponyamula alendo. Changa chimathera pa moni.

Zimene zikundidya: akatsegula filiji n'kupeza mabotolo a madzi okhaokha? Khoswe wa m'denga uja akafuna kudzaona mlendo? Magetsi? Chimbudzi chapanja ndachikolopa mpaka simenti kuyera. Koma ngalande ya panjira ija sindingaibise kuseri kwa bafa.

Loweruka, 11 Okutobala

Afika. Ndi amayi aafupi, a imvi, chipewa chachikulu ngati beseni losambitsira mwana. Ana a mumzere awapatsa kale dzina, Mayi Chipewa. Ine ndizilemba M.C. Akuti anali mphunzitsi, anapuma.

Ndinawauza alamu kuti galimoto idzafike mpaka pakhomo, mawindo otseka. Iwo M.C. atsikira kumsewu, akuti akufuna ayende pansi aone. Ndiye aonadi. Aima pa ngalande ija n'kuijambula ndi foni. Alamu akuti yawasangalatsa chifukwa ili ndi mitundu yambiri. Mitundu ya majumbo! Ajambulanso bambo wonyamula matiresi panjinga, ndi mbuzi ya pamulu wa zinyalala. Mbuzi imeneyo mwina pano yafika kale kunja, ine mwini mwana sindinapondeko.

Pakhomo andikumbatira ngati tinasiyana dzulo. Koma atalowa anayang'ana sofa, kapeti, filiji, TV, n'kungoti "ooo." Nkhope inagwa pang'ono. Ndinakokera alamu kukhitchini kukafunsa ngati ooo ameneyo ndi wabwino kapena woipa. Akuti, "Alamu, kwawo ooo ndi ooo basi." Sindikukhulupirira. Mwina aona kuti makatani ndi aafupi.

Tili mkati mwa kudya magetsi anazima. Ine mtima unaima. Iwo kuwomba m'manja, akuti kandulo ndi wokongola, kwawo amayatsa pa masiku apadera okha. B. anati auzeni kuti kuno tsiku lililonse ndi lapadera. Alamu anamasulira. Anaseka mpaka kutsamwa ndi mpunga, ine n'kuyamba kuganiza kuti akatifera m'nyumba tikanena chiyani kwa Nesi.

Lamulungu, 12 Okutobala

Dzulo ndinadzaza mgolo kuti asaone mzere wa pampopi. Lero adzuka, atenga chidebe, apita kukaima pamzere womwewo pakati pa azimayi. Ndinawapeza akuyesa kusenza, chipewa chili m'khwapa, theka la madzi lili pamalaya.

Akuti kwawo madzi amabwera okha m'nyumba, n'chifukwa chake anthu sadziwana. Akuti ndife amwayi. Ndinavomera ndi mutu. Khosi limene ndinavomera nalolo lakhala likusenza mwayi umenewu kuyambira ndili mtsikana.

Masana anakhala panja ndi B., osamvana chinenero, kumangolozerana zodutsa pamsewu. Aona wometa wa pansi pa mtengo uja, wa kalilole womangirira pa nthambi. Akuti akufuna akamete kumeneko. Ndauza alamu anene kuti wometayo amameta amuna okwatira okha.

Lolemba, 13 Okutobala

Ulendo wa kutauni. Takisi ya alamu aikana, akufuna minibasi. Alamu anaimika galimoto yawo n'kukwera nafe, akudandaula kuti anzawo akawaona awaseka.

Kondakitala anatipanikiza anayi pampando wa atatu. M.C. pakati pa bambo wa thumba la anyezi ndi mayi wa mwana wolira, chipewa atachifungatira. Ine maso pa chikwama chawo njira yonse, dzanja pa changa.

Titatsika anaima pa mizere yoyera ya pamsewu ija, kudikira kuti galimoto ziime. Akuti kwawo zimaima. Tikanagona pomwepo. Ndinawagwira mkono n'kuwakoka pakati pa lole ndi njinga yamoto, ndikupemphera mokweza. Kutsidya anati zinali ngati kuvina, tibwerezenso.

Pamsika kumwetulira aliyense, ngakhale anyamata aja oima pakona amene ine ndikawaona ndimasintha njira. Wina anawaitana kuti agogo, anakondwa. Adya chinanazi chosendasenda cha pamsewu ndisanawaletse. Ndikudikira za m'mimba.

Madzulo Nesi waimba. Akuti M.C. amalembera mwana wawo tsiku lililonse pafoni, ndipo mnyamatayo amamuwerengera.

Akuti mzinda wathu umaimba kuyambira m'mawa. Ameneyo ndi wowotcherera zitsulo, sipika ya pabala, ndi m'busa wa kutsidya kwa ngalande. Akuti anthu akuno sathamanga, ali ndi nthawi. Tinaima pa mdipiti wa magalimoto mpaka miyendo kuchita dzanzi, tikanathamangira kuti? Akuti kuno sitolo imakupeza yokha pawindo la basi, ndipo palibe munthu wosungulumwa. Izi zokha n'zoona. Sungasungulumwe chigongono cha munthu chili m'nthiti mwako.

Ndinati nanga za ife alemba chiyani? Nesi anati, "Za inu sanalembe kanthu."

Mbuzi ailemba. Kondakitala amulemba. Ife ayi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndinaganiza za khoswe, za magetsi, za chinanazi. Zoti mlendo angafune kukacheza kwa maneba sizinandifikire m'mutu ngakhale pang'ono.

Ndinapita kukapereka zovala kwa eni ake. Pobwera ndapeza M.C. ndi alamu ali m'nyumba mwa amake mapasa. Balaza lili pululu. Mapasa akudya atakhala pasimenti, mbale ili pakati. Amake ataima pakona, manja kumbuyo, akundiyang'ana kuti nanga ndinene chiyani. Kwa a telala chimodzimodzi, mawindo omata ndi manyuzipepala. M.C. anafunsa nthawi, a telala anatuluka panja kukayang'ana dzuwa. Mwadala! Foni anali nayo m'thumba.

Atabwerako anakhala kumphepete kwenikweni kwa sofa, ngati ikutentha. Tiyi sanamwe. Anayang'ana tebulo lodyera, n'kuyang'ana lositirapo, n'kuyang'ana ine. Diso limenelo ndikulidziwa, ndi la aphunzitsi anga a kalasi yachitatu.

B. akuti mwina ndi chinanazi. Si chinanazi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Nesi waimba akulira.

Akuti M.C. alembera mwana wawo kuti mumzere muno muli nyumba imodzi yokha yolemera, ndipo ndi yathu. Akuti ana akudyera pansi kuseri kwa khoma lathu, ife tili ndi matebulo awiri. Akuti umphawi anauyembekezera ndipo sukanawavuta, koma kuuma mtima ayi. Amufunsa mnyamatayo ngati akulidziwa bwino banja limene akufuna kulowamo. Mnyamatayo kuyambira dzulo ali duu.

"Amayi, matebulo awiri mwawatenga kuti? Filiji yanji?"

Ndinamuuza. Kenako: "Ndinakupemphani zimenezo ine?" Sanandipemphe. Anangoti musade nkhawa.

Akuti ndiwauze zoona. B. nawonso akuti ndiwauze zoona. Zoona zake ziti? Kuti pepani, si ife ouma mtima, ndife abodza? Akangodziwa kuti sofa ndi yabodza, adzayamba kufunsa china chilichonse. Adzati mwina ndi unesi womwe ndi wobwereka.

Ndinakakhala kuseri kwa bafa, pa benchi yathu yobisidwa ija, mutu uli m'manja. Alamu anandipeza pomwepo.

"Alamu, musaulule. Mugawe."

Ndinati ndigawe chiyani, katundu wa eni ake?

"Eya. Kwa eni akewo. Iwo akuona."

Ndaganiza, ndaganiza, sindikupeza poipa. N'zimene zikundiopsa.

Lachinayi, 16 Okutobala

Tagawa.

Alamu anauza M.C. kuti tulo sindinatione poganizira ana aja (apa pokha sananame kwambiri), ndipo ndasankha kuthandiza anzanga. M.C. anagwira pamtima.

Amake mapasa ndinawapempha kuti angothokoza pang'ono, osawonjeza. Kuwauza amenewo! Sofa itangotuluka pakhomo anagwada pafumbi, manja m'mwamba. "Mayi wa amphawi! Ndinalota ine, ndinalota sofa yofiirira ngati yomweyi!" Mzere wonse kutuluka, ena atabisa nkhope m'nsalu ngati akulira, mapewa akugwedezeka. Pondikumbatira anandinong'oneza kuti, "Pamkono apo pali banga la tiyi, ndaliona. Mudzachapa." Mapasa anathamangira kukakhala aliyense pamalo pake penipeni, mmodzi n'kupisa dzanja pansi pa khushoni kutulutsa kagalimoto kake. Ndinatseka maso. Mwayi wake M.C. anali akupukuta misozi.

A telala analankhula ngati pamsonkhano. Akuti chibadwire sanakhalepo ndi wotchi, ayesetsa kuphunzira kawerengedwe kake. Anafunsa B. kuti kodi muvi wautaliwu ndi wa chiyani. B. anati ndi wokwapulira anthu abodza. Alamu akuti anamasulira kuti akukambirana za mabatire.

M.C. ajambula zonse. Andigwira manja onse awiri, kulankhula zambirimbiri. Alamu anangoti, "Akuti ndinu munthu." Nesi watumiza uthenga, mnyamata wayambanso kulankhula.

Yatsala filiji. Imeneyo singagawidwe, mwini wake ali ndi mpanda ndi galimoto. Idzabwerera mwakachetechete mlendo akapita.

Ndinapuma, koyamba sabata ino. Kwa kanthawi. Madzulo ndinawaona M.C. ataima pa filijiyo, akuisisita pamwamba ngati ng'ombe yopita kumsika, maso ali kutali.

Lachisanu, 17 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa M.C. anapita kokayenda ndi alamu. Pa siteji ya minibasi pali mayi wina wogulitsa zakumwa, amaima tsiku lonse, mabotolo ali m'chidebe chophimba ndi thumba lonyowa. M.C. amulonjeza filiji. Filiji ya alandilodi! Alamu akuti anayesa kumasulira kuti akungomupatsa moni, koma M.C. anajambula bokosi m'malere ndi manja n'kunjenjemera ngati amva chisanu. Siteji yonse inamva popanda womasulira.

Masana mayi uja wafika ndi ngolo yokankha, ndi alongo ake awiri a zifuwa ngati zitseko. Ndinatulukira khomo la kuseri, liwiro kwa alandilodi, silipasi imodzi kutsala panjira. Ndinagwada.

"Mayi, chonde, bwerani mudzalandire filiji yanu. Koma ngati mphatso."

"Ine? Ndilandire chithandizo? Kwa iwe wochapa?"

"Mukachedwa ikukwera ngolo."

Anasuzumira pamwamba pa mpanda n'kuiona ngolo. Anavula wigi, ndolo, nsapato. Anabwereka nsalu yakale kwa wantchito wawo. Mphete zinakana kutuluka, ndinawauza abise dzanja m'nsalu.

Alamu anafotokozera M.C. (anandiuza pambuyo pake) kuti pepani, filijiyi tinalonjeza kale mayi wamasiye uyu, wodwala, mankhwala ake amafuna pozizira. Amuna awo nthawi imeneyo ali kuseri kwa mpanda, akutsuka galimoto, akuimba mluzu. M.C. anafunsa kuti mayiyu amakhala kuti. Alamu analoza nyumba ya mpanda n'kunena kuti amasesa kumeneko. Anaiwala kuti alandilodi anagwirapo ntchito kubanki, Chizungu amachimva kuposa iwo. Diso limene anawaponyera! Komabe anamwetulira, anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka mafupa kulira, n'kunena mofatsa kuti, "Ameneyu akangokwera ndege, iwe ndi ine tikhala pansi." Alamu anamasulira. Ndinamvamo dzina la Mulungu.

Filiji inabwerera kwa alandilodi. Koma wa zakumwa sanasunthe.

"Andilonjeza pamaso pa siteji yonse. Ndibwerere ndi ngolo yopanda kanthu, makondakitala andiseke mpaka chaka chamawa?"

M.C. nkhope psuu. Mawu awo agwa pansi, ndipo owagwetsa ndife. Anayang'ana m'balaza. Ndinayang'ana nawo. Munatsala tebulo langa lositirapo, ndi B. ali pampando wawo. Tebulo likapita ndisitira pati? Ndinaliyandikira n'kuligwira m'mphepete. Sindikudziwa ngati ndinkafuna kulipereka kapena kulikaniza.

B. anadzuka. Anapukuta mpando ndi dzanja la malaya, kuunyamula, kukauika pafupi ndi ngolo. Mpando umenewu anaupanga okha, ndi womaliza asanasiye ukalipentala, dzanja litayamba kufooka. Ngakhale ine sindikhalapo.

"Mumaima tsiku lonse, mayi. Uwu sugwedera."

"Mpando uziziritsa zakumwa?"

"Ayi. Uziziritsa miyendo."

Anakhalapo. Anatsamira. Anadzigwedeza uku ndi uku, mpando uli nji. Anati chabwino. Alongo ake anaukweza, ngolo inapita.

M.C. analira kwenikweni, mpaka kuiwala kujambula. Ine ndinafuna kunena kanthu kwa B. Anati, "Musandiyang'ane choncho, amake Nesi. Si inu ndachitira."

Loweruka, 18 Okutobala

Ndatulutsa benchi ndi mapulasitiki kuseri kwa bafa. Alamu awauza M.C. kuti tabwereka kwa maneba. M.C. akuti tili ndi maneba abwino mtima. Akhala pa wosoka ndi waya uja, akuti tsopano nyumba ikupuma.

M'mawa kwabwera anthu osawadziwa, akuti amva kuti kuno kukugawidwa katundu. Wina amafuna simbi. Tsopano ndikangomaliza kusita ndikuibisa pansi pa bedi, ikadali yofunda. Ikawotcha matiresi sindidabwa.

Masana alamu anapita kukanyamula anthu, tinatsala awiri opanda womasulira. Ine ndikusita, iwo akupinda zovala, molakwika, ine n'kumapindanso akatembenuka. Kenako anatulutsa foni kundionetsa chithunzi cha mwana wawo ali wamng'ono, mano akutsogolo palibe. Anakweza chala chimodzi. Mmodzi yekha. Ndinawaonetsa cha Nesi cha yunifomu ya sukulu. Tinakhala choncho, aliyense akuyang'ana mwana wa mnzake. Apa m'pamene ndinaona zikhadabo zawo, zolumidwa mpaka m'nyama ngati zanga. Mayi woseka ndi makondakitala yemweyu.

Malaya a eni ake ndinatsala pang'ono kuwotcha.

Lamulungu, 19 Okutobala

Apita. Khoswe sanatsike ngakhale kamodzi. Alandilodi atumiza wantchito kuti mawa ndikawaone.

Lolemba, 20 Okutobala

Takhala pansi. Ndiye kuti ine ndakhala pansi, iwo pampando. Ndachapa makatani awo onse ndi mabulangeti. Akuti apa n'poyambira chabe, ndipo alamu asadutsenso pa geti lawo.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Nesi waimba m'mawa. Ndinazimitsa simbi, kukhala pa benchi, kugwira khoma.

Ukwati ulipo. M.C. auza mwana wawo kuti akachedwa, iwo amupezera mtsikanayu mwamuna wina wanzeru. Akuti ayenda mayiko ambiri, anthu ngati makolo ake a Nesi sanawaonepo. Nesi akulankhula mothamanga ngati ali wamng'ono, ine ndikungoti eya, eya, eya.

"Koma amayi, pali kena."

Mtima phaa.

Akuti mnyamatayo amafuna kutigulira mphatso ukwati usanachitike. Sofa, tebulo lodyera, filiji yatsopano. Anali atasankha ndi mtundu womwe. Amayi ake amuletsa. Akuti anthu amenewa za katundu alibe nazo ntchito, kuwapatsa n'kuwanyoza, ndiponso sabata singathe asanagawe. M'malo mwake atitumizira chithunzi chachikulu cha m'felemu, cha tsiku logawa lija, amake mapasa atagwada.

B. anali pakhomo, pa pulasitiki, atakhala chambali kuti waya asawatsine. Ndinawauza zonse.

"Ndiye kuti takhoza?"

Ndinati takhoza.

"Chabwino. Msomali wopachikira chithunzicho tili nawo, kapena mukabwereka?"

Ndayang'ana m'nyumba monse. Tilibe.